Wodyetsa Miimba

Ndili mnyamata, kuno ku Nawalparasi,
ng'ombe ikafera m'mphepete mwa Narayani
bambo ankangonola mpeni n'kuyang'ana kumwamba.
Chikopa chisanachoke pamsana
thambo linali litada kale bii,
miimba ikutsika ngati mitolo ya zovala zonyowa.
Tikamamaliza kusamba m'manja
pankatsala nthiti zokhazokha, mbee,
zoti mwana n'kuphunzirirapo kuwerenga.

Sitinkaikonda.
Inkanunkha, makosi ngati a nkhuku yososola,
ndipo umodzi ukatera padenga
amayi ankathamangira kwa wansembe.

Kenaka kunabwera jekeseni,
kabotolo kakang'ono, kotchipa kuposa sopo.
Ng'ombe yotupa maondo inkadzuka m'mawa mwake
n'kukoka pulawo ngati yabadwa dzana.
Ine Somlal, ndi dzanja lomweli,
ndinabaya zambiri.
Amati chifundo chidapha nkhwali;
changa chinkabisala m'chiwindi cha ng'ombe
kudikira mlomo wa mbalame.

Inayamba kuzyolika m'mitengo ya simali
ngati anthu omwe angomva uthenga wa maliro,
kenaka phi! pansi, umodziumodzi.
Palibe analira.
Wina ndinauzemba ndi njinga popita kumsika,
ndikuimba mluzu.

Mitembo inayamba kugonera padzuwa.
Ntchentche zinatilondola mpaka m'kapu ya tiyi.
Agalu ananenepa, anaswana, anasiya kutiopa.
Mmodzi analuma Kausila, mwana wa mlongo wanga,
pachidendene, akuchokera kusukulu.
Kabala kake kanali ngati njere ya mpunga.
Patatha milungu isanu anayamba kuopa madzi,
mwana wokulira kumtsinje.
Zinazo sindinena.

Anabwera anthu a magalasi oonera patali.
Anatumbula muimba umodzi ine ndikuona:
m'kati munali moyera ngati mwathiridwa laimu.
Anandionetsa kabotolo.
Ndinati ndikukadziwa.

Lero anzanga amaseka ntchito yanga.
Kuno ng'ombe siiphedwa, ngakhale ikalambe chotani,
choncho eni ake amabwera nazo
zaguga, zakhungu, mawere atafota,
n'kubwerera ndi chingwe chokha m'manja.
Ife timazimwetsa, timazimwetera udzu,
timazikanda pakati pa nyanga.
Kabotolo kaja sikadutsa pachipata pano.
Ng'ombe ikafa imfa yake, pa tsiku lake,
timaikweza pangolo mpaka kudambo la kuseri kwa nkhalango.
Ndimasenda monga bambo anandiphunzitsira,
kenaka ndimakabisala m'kanyumba ka nsungwi
ngati munthu amene wabwera kudzapepesa
koma akuchita manyazi kugogoda.

Chaka choyamba inabwera isanu ndi iwiri.
Ndinawerenga katatu, mwina ichuluka.
Dzana Phulmati, mtsikana wolemba m'kaundula,
anasokonezeka atadutsa zana.
Anataya cholembera m'udzu,
nayamba kuseka atagwira pakamwa,
fumbi ndi nthenga zili koboo,
miimba ikukangana ngati ogulitsa nsomba.

Alendo ojambula zithunzi amandifunsa
ngati ndimaikonda mbalameyi.
Kaya.
Imanunkhabe.
Koma ngongole siifunsa ngati mwini wake ndi wokongola.

Usiku uno Gajali wakana udzu.
Ndi ng'ombe yaimvi kumaso, yothyoka nyanga imodzi,
imene inalera ana asanu ndi mmodzi a banja lina
lomwe silinabwerenso kudzaiona.
Bondo lake latupa.
Ndikulithowa ndi mafuta ampiru ofunditsa,
pang'onopang'ono, pakuti sindithamangira aliyense.
Akupumira m'khosi mwanga.

Kutsidya, pamwamba pa simali wautali uja,
pali chisa cha timitengo tosanjika mwaulesi,
chonyansa ngati mtolo wa nkhuni wa munthu woledzera.
M'menemo muli dzira limodzi,
pakuti muimba suikira awiri.
Kukacha ndikayamba ndaimirira pansi pake
ndisanamwe tiyi,
kukaona ngati make wadzutsa mutu.